Mfundo Yachisanu ndi Chimodzi

1. Zingwe ziwiri

Chaka chimene nkhondo inavuta kwambiri ku Angonia, anthu a m'mudzi wa Silvestro, kufupi ndi Domwe, anali ataiwala kugona m'nyumba. Masana ankalima kachewere ndi chimanga monga kale, koma dzuwa likapendeka aliyense ankanyamula kamtolo kake n'kukabisala kumiyala ya kuphiri. Usiku kunalibe kusonkha moto kapena kuyankhula mokweza. Ngakhale tambala wolira msanga ankathera mumphika.

Silvestro anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamiyendo italiitali, wosatha kukhala pansi. Bambo ake, a Patrisio, anali mkatekisi. Ansembe atachoka pamishoni, iwo ndiwo ankawerengera anthu Mawu a Mulungu pansi pa mkuyu tsiku Lamulungu lililonse.

Usiku wina pothawa, a Patrisio anapunthwa n'kugwera pamwala. Magalasi awo a m'maso, amene kwawoko amati maokulo, anasweka. Popanda maokulowo bambowo sankatha kusiyanitsa mbuzi ndi chitsa. Masabata atatu buku linakhala chitsekere, anthu n'kumangoimba nyimbo ziwiri n'kubalalika.

Tsono anagwirizana zotuma Silvestro ku Lilongwe, kwa msuweni wake Romano amene ankagwira ntchito m'khitchini pahotela ina, kuti akakonzetse maokulowo. Mnyamatayo atamva, anakanika kudya. Chibadwire anali asanapitirire pa Dedza.

Lachiwiri m'mawa mayi ake, a Domingas, anapota zingwe ziwiri za luzi. Pa chingwe chilichonse anamanga mfundo zisanu. China anamupatsa Silvestro, china anachimangirira m'chiuno mwawo. Pamenepo a Patrisio anamukhazika mwana wawo pansi.

"Mwananga, tchera khutu," anatero. "Dzuwa likamalowa uzimasula mfundo imodzi, amako nawo azimasula yawo kuno. Lero ukagona ku Dedza. Mawa ukwera basi. Lachisanu maokulo akatha, ubwerere ku Dedza tsiku lomwelo, kuti Loweruka mbandakucha uwoloke malire ndi a Salvador, owolotsa anthu aja. Mfundo yachisanu tidzamasulire limodzi pano.

"Usayese kuti chingwechi ndi masewera a ana. Chaka chatha mwana wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri sadabwere tsiku lake. Atate ake adati tidikire, mwina wachedwa ndi abale. Adadikira masiku awiri. Pomwe ankanyamuka, adakampeza atangotsirizika m'mbali mwa njira, mwendo utavulala, madzi ali poteropo koma wopanda womutungira. Kuyambira pamenepo tidapangana kuti mfundo zikatha sitidikiranso. Iwe ukapanda kufika Loweruka, kukacha ndinyamuka ndine kukakufuna. Sindidzayembekeza munthu. Ndiye ukaona zokoma za m'tauni, uzione ndi maso, koma miyendo izikumbukira kwanu. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada."

"Ndamva, ababa," anayankha Silvestro. Kunena zoona anamva ndi khutu limodzi, chifukwa linalo linali kale pamsewu.

Anaika maokulo oswekawo m'kachitini, n'kukalowetsa m'chikwama chake cha kumsana, chimene kale ankanyamulira mabuku a kusukulu. Masana anatsata a Salvador, mkulu wodziwa pamene panakwiriridwa mabomba otchedwa mina. Mkuluyu ankanyamuka ku Dedza mbandakucha ndi anthu olowa ku Angonia, n'kubwerera masana ndi anthu otuluka. Anadutsa njira ya kudambo, aliyense akuponda pamene waponda mnzake.

2. Kumene usiku saopa

Basi inafika ku Lilongwe Lachitatu masana. Silvestro anatsika n'kuima chilili pakati pa depoti, kukamwa kuli yasa. Anthu anali piringupiringu ngati nyerere zoti wina waziponda, koma panalibe amene ankathawa. Onse ankangofulumira ndi zawo.

"Tseka pakamwa, msuweni, mulowa ntchentche za eni ake!"

Anali Romano, atavala malaya oyera ndi nsapato zonyezimira. Anamukumbatira, kenako anamuzungulira akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye kamoshila kako ka kushikola ndi komweka? Kuno usamati moshila, akuseka. Uziti chikwama. Bwera nacho ndikunyamulire."

"Iyayi, asuweni. Ichi sichichoka kumsana kwanga."

Anawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, magalimoto akudutsa pafupi penipeni. M'sitolo ina Silvestro anaona buledi ataunjikidwa mpaka kudenga, popanda mzere wa anthu olimbirana. Anaona sopo wamitundumitundu, mchere m'matumba, shuga ali mbwee. Kwawo mchere ankachita kubisa ngati mankhwala.

"Kodi kuli phwando?" anafunsa.

"Phwando lanji? Lero ndi Lachitatu basi," anaseka Romano.

Chapatsogolo lole ina inamenyetsa chitseko chakumbuyo, phuu! Pomwe Romano amatembenuka, msuweni wake anali atagona kale chafufumimba m'ngalande, manja ali kumutu. Amayi ogulitsa nthochi anafa nazo nseko. Silvestro anadzuka, nadzisasa fumbi, naye n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

Koma chimene chinamuzunguza mutu chinali usiku. Dzuwa litalowa anamasula mfundo yachiwiri, n'kuyamba kuyankhula monong'ona monga anazolowera. Romano anatsegula wailesi mokweza, nayatsa getsi, nasiya chitseko chili pululu.

"Asuweni, zimitsani! Ationa!"

"Ationa ndani? Tatuluka uone."

Anatuluka. M'misewu ya ku Kawale, kumene Romano ankakhala, nyale zinali ngwee. Ana ankathamangitsana panja. Anyamata ankakazinga tchipisi m'ziwaya, moto uli lawilawi, osaubisa n'komwe. Romano anamugulira, ndipo Silvestro atalawa anadumpha.

"Aa! Uyu ndi kachewere wa kwathu yemwe uja! Wangofika m'tauni n'kusintha dzina?"

"Monga ine," anatero Romano. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Silvestro anayenda usiku umenewo mpaka miyendo kuwawa. Chimene sankamvetsa n'chakuti kwawo dzuwa likalowa anthu ankatuluka m'nyumba kukabisala, pamene kuno ankatuluka kukaonekera. Pogona anagona ndi nsapato kumapazi, chikwama atatsamira. Romano anamuseka mpaka tulo.

Lachinayi anapereka maokulo kwa wokonza magalasi wa m'tauni yakale. Iye anayeza galasi limene linatsala, nati abwere mawa m'mawa. Madzulo ake, podutsa pa holo ina, anamva magitala akuyesedwa. Silvestro anasuzumira pawindo. Anaona ng'oma zisanu zoimba munthu mmodzi, ndi gitala wa chingwe cholowa kukhoma amene mawu ake ankagwedeza m'mimba. Romano anachita kumukoka ndi lamba wa chikwama kuti achokepo.

3. Phazi limodzi m'basi

Lachisanu m'mawa maokulo anali atatha, atsopano, owala. Silvestro anawayesa, dziko lonse n'kupendekeka. Anawakulunga m'kansalu, nawaika m'kachitini kaja, mtima uli mbee. Ankaona kale bambo ake atatsegula buku pansi pa mkuyu.

Masana Romano anamuperekeza kudepoti. Basi ya ku Dedza inali itayamba kale kulira. Silvestro anaika phazi limodzi pakhomo.

"Komatu ndiwe watsoka, msuweni," anatero Romano akukanda kumutu. "Aja unkawasuzumira dzulo aja akuimba lero usiku. Kuyenda ulendo wonsewu n'kungomva fungo lokha? Ukakawauza chiyani anzako kumiyala kuja?"

"Mfundo zanga zatsala ziwiri. Ya lero ndi ya mawa."

"Ukwera yam'mawa. Pofika masana uli ku Dedza."

"A Salvador amawolotsa mbandakucha wokha. Ndikagona kuno, kwathu ndikafika Lamulungu."

"Ndiye tsiku limodzi lokhalo? Amalume ndimawadziwa ine. Lamulungu sangasiye mapemphero, ngakhale kugwe chiyani. Pomwe azidzati Amen, iwe watulukira ndi maokulo. Adzakukalipira pang'ono, kenako adzavala n'kuiwala."

Kondakitala anamenya basi ndi chikhatho. "Achimwene, mukukwera kapena mukutsanzika?"

Silvestro anayang'ana m'basimo, nayang'ana msuweni wake. Anakumbukira gitala uja. Phazi limene linali m'basi linabwerera pansi, ndipo basi inanyamuka n'kumusiyira utsi.

Dzuwa likulowa anatulutsa chingwe chake kuseri kwa nyumba. Anamasula mfundo yachinayi, n'kutsala imodzi yokha. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo inkamuyang'ananso ngati diso. Kenako anagwira kunsonga kwa chingwecho n'kumanga mfundo ina yatsopano. Zinakhalanso ziwiri, mtima wake n'kukhala pansi. Mnyamata wochenjera ngati ameneyu sanafune kukumbukira kuti chingwe chinacho chili m'chiuno mwa mayi ake, kumene manja ake sakanafika.

4. Kamba avina

Kuholo kuja anthu anali atadzaza mpaka pakhomo. Mababu ofiira ndi obiriwira ankathima n'kuyaka. Oimba anavala malaya ofanana, ndipo woimba ng'oma ankachita ngati ali ndi manja anayi. Gitala atalira, Silvestro anamva tsitsi likuyenda.

Poyamba anangokakamira kukhoma, botolo la chakumwa chozizira lili m'manja. Maso ake ankafufuza khomo lothawira, monga ankachitira paliponse. Kenako panabwera mtsikana wina dzina lake Teresa, woyandikana nyumba ndi Romano, amene ankaphunzira kutayipa.

"Alendo, khomalo silikugwa, lisiyeni. Tiyeni tikavine."

"Sindidziwa mavinidwe a kuno."

"A kwanu mumawadziwa? Vinani omwewo. Koma katunduyo tulani kaye."

"Pepani, uyu ndivina naye."

Analowa m'bwalo chikwama chili kumsana. Wina anakuwa kuti, "Taonani kamba wabwera ndi nyumba yake!" Holo yonse inaseka. Silvestro anayesa kugwedeza chiuno ngati anzakewo, koma chiuno chinakana. Ndiye anangoti zilowe, n'kuyamba kuponda ngoma ya kwawo, imene agogo ake aamuna ankavina ndi chishango. Anakweza bondo mpaka pachifuwa, naponda pansi kuti dii! Anadumpha, natembenuka, napondanso.

Woimba ng'oma anamuona n'kuyamba kutsata mapazi ake. Anthu anapatuka, nampangira bwalo, akuwomba m'manja. "Kamba! Kamba! Kamba!" Amuna awiri achikulire, amene anati kwawo ndi ku Ntcheu, anavula majekete n'kulowa naye. Teresa ankaimba nthungululu.

Pamenepo Silvestro anakuwa ndi mawu ake onse. Zaka zitatu anali asanakwezepo mawu usiku. Anakuwanso kachiwiri, kungofuna kumva kuti n'zotheka, ndipo palibe anamugwira pakamwa. Anasangalala usiku umenewo kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake, ndipo tisaname, chisangalalocho chinali chenicheni.

Pobwerera kunyumba, malaya atanyowa ndi thukuta, anauza Romano kuti, "Nkhondo ikadzatha ndidzagula gitala wa magetsi. Ndidzamuimba pa Domwe usiku wonse, zitseko zili zotsegula."

"Magetsiwo udzawatenga kuti?"

"Ndidzanyamula m'chikwamamu."

Usiku umenewo anavula nsapato pogona.

5. Si manja a amako

Loweruka basi yoyamba inadzaza iye asanafike. Anakwera yachiwiri, n'kufika ku Dedza dzuwa litapendeka. Anakhala pakhonde pa a Salvador kuwadikira, akuimba kamluzu ka nyimbo ya dzulo.

A Salvador anafika chamadzulo, nkhope ili yakugwa.

"Iwe si mwana wa a Patrisio? Ndimayesa udzawoloka lero m'mawa?"

"Ndinachedwa pang'ono, agogo."

"Njira ya kudambo yafa," anatero mkuluyo akukhala pansi. "Titangodutsa ife, ng'ombe ya munthu yaponda mina kumbuyo kwathu, pakati penipeni pa njira. Atchera zatsopano. Ife tapulumuka ndi chisomo chabe. Kuyambira mawa tizidzera kuphiri, ngakhale kuli kotalika."

Kamluzu kaja kanauma. "Nanga a kumudzi kwathu akudziwa?"

"Awauza ndani? Zachitikira tsidya lino. Tandipatsa chingwe chako."

Silvestro anachitulutsa monyinyirika. Mfundo zinali ziwiri. A Salvador anazipapasa ndi chala, n'kuima pa yakunsonga.

"Iyi ndi ya amako, yomanga kawiri monga amangira akazi a kwanu. Koma iyi si manja a amako. Wamanga ndani?"

"Ndine, agogo," anavomera mnyamatayo atazyolika.

"Mwana iwe, ine ndawolotsa anthu ambiri, ndipo ndaona mabodza amitundumitundu. Ena amanamiza asilikali, ena amanamiza akazi awo. Koma wonamiza chingwe ndayamba kuona iwe. Kodi umayesa chingwechi adakupatsa kuti uziwerengera masiku ako? Masiku ako ndi ako, ungawadye monga ufunira. Chingwechi chimawerenga masiku a amene watsala kumudzi. Mfundo iliyonse ndi tulo take. Zikatha, tulo tathanso, ndipo miyendo yake imanyamuka yokha. Iwe wadziwonjezera tsiku kuno, koma tsikulo walichotsa kwa atate ako. Dzuwa likulowali, amako akumasula yomaliza."

"Tiyeni tinyamuke pompano, agogo! Chonde!"

"Usiku? Kuti mawa atate ako adzatole zidutswa zako? Ine sindiyenda mumdima, ndipo iwenso suyenda. Ugona pano, pafupi ndi ine, ndipo chitseko nditseka ndekha."

Silvestro sanagone. Anavalanso nsapato zake, nakhala tsonga atakumbatira chikwama. Chimene anagwira ngati mchirikizo chinali mawu a Romano aja, akuti Lamulungu mkatekisi sangasiye mapemphero.

6. Pansi pa mkuyu

Ananyamuka kusanayere. Njira ya kuphiri inali yokwera ndi yamiyala, ndipo pagululo panali amayi a ana ndi nkhalamba yonyamula thumba la mchere. Silvestro ankati akatsogola, a Salvador n'kumubweza. Pomwe ankatsikira kumudzi kwawo, dzuwa linali litafika pamutu.

Ali patali anamva nyimbo pansi pa mkuyu. Mapemphero anali asanathe! Anathamanga akumasula chikwama, natulutsa kachitini kaja, kuti bambo ake avale maokulo anthu onse akuona.

Atafika, nyimbo inadukira pakati. Anthu onse anatembenuka. Pampando wa mkatekisi panali buku lotseka, ndipo panalibe munthu.

A Domingas anadzuka pakati pa amayi anzawo. Anamugwira mwana wawo kumaso, m'mapewa, m'manja, kuona ngati ali wathunthu. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Wavulala pati?"

"Sindinavulale, amayi."

"Adakugwira amfuti?"

"Iyayi."

"Unadwala?"

Silvestro anapukusa mutu. Mayiwo anamasula chingwe cha m'chiuno mwawo n'kuchitambasula. Chinali chowongoka, chopanda mfundo ndi imodzi yomwe. Cha Silvestro chinali chikulendewera pa lamba wa chikwama, mfundo yake yakunsonga ili pomwepo. A Domingas anachiona.

"Ababa ali kuti?" anafunsa Silvestro.

"Anyamuka tambala woyamba. Ndinawauza kuti lero ndi Lamulungu, anthu akudikirani. Iwo anati Mulungu ali ndi ana ambiri omuimbira, koma Silvestro ali ndi bambo mmodzi. Atenga ndodo ndi chigubu cha madzi, akuti mwina akakupeza uli ndi ludzu."

"Adzera njira iti?"

"Imene unadzera iwe. Ya kudambo."

Silvestro anayang'ana kachitini kamene kanali m'manja mwake. Maso a bambo ake anali mmenemo, okulungidwa bwinobwino m'kansalu, pamene eni ake anali panjira ya mabomba, osatha kusiyanitsa mbuzi ndi chitsa.

"A Salvador!" anakuwa. "A Salvador, bwererani!"

Sanadikire yankho. Anaika kachitini m'thumba la malaya, naponya chikwama pamapazi pa mayi ake, n'kutsetsereka kulowera kudambo. Pamene njira imalowa m'bango anaima. M'matope munali mapazi a nkhwaira za bambo ake, ndi timaenje ta ndodo yopapasira uku ndi uku. Mapaziwo analunjika pakati penipeni pa njira, ndipo obwerera panalibe.